Mtengo wa Bokosi la Mdala Shu

Tengjiawan, 3 Novembala 1986

Mwana wanga Maosheng,

Ndikhulupirira uli bwino ku Zhuzhouko pamodzi ndi mkazi wako ndi kamnyamata kako kosamva kaja. Ife kuno tili bwino, kupatula bondo langali limene layamba kulosera mvula kuposa wailesi.

Paja amati wopanda nkhani sakwera masitepe a kachisi, ndiye usadabwe kuti bambo ako aang'ono akumbuka kulemba. Nkhani ndi iyi: mtanda wa denga taupeza! Makoma a kachisi wa makolo athu aima, nsanamira zaima, chimene chinatsala ndi mtanda wapamwamba uja basi. Inu a m'tauni mwina munaiwala, mtanda wa kachisi sagula, ndiponso sadula m'phiri mwako. Amachita kuba. Umakadula kwa eni ake, n'kusiya envulopu yofiira pachitsa, kuphulitsa makombola, kenako liwiro la mtondo wadooka. Mwini mtengo akadzuka atukwane, ndipo akatukwana kwambiri m'pamene mtundu wanu umachulukana.

Ndinatuma anyamata a mapewa olimba, n'kuwauza kuti adumphe phiri, akadule kutali kumene kulibe wachibale. Abwera nachotu chimkungudza chowongoka ngati nsungwi, choti munthu mmodzi sangachikumbatire. Pathunthu pake panali pomangidwa kansalu kofiira, ngati kuti chinkatidikirira ife. Akuti asanapite patali anamva mdala wina akukuwa kumbuyo, kutukwana makolo athu mmodzimmodzi mpaka mawu kusasa. Ine ndinaseka mpaka misozi. Madalitso otere sungawapeze pamsika.

Wosankha masiku wati mtandawo ukwere pa 6 Disembala. Iwe ndiwe mwana woyamba wa malemu achimwene anga, uyenera kudzagwira nawo chingwe choukokera padenga. Utitumizirenso nsalu yofiira ya m'masitolo a kumeneko, ya kuno njopyapyala ngati khungu la anyezi. Ukaikamo ndi kangachepe ka mowa wa amisiri sitikana.

Ndine bambo ako aang'ono,
Teng Dehou


Shujiaping, 4 Novembala 1986

Achimwene,

Moni. Muli bwanji ndi alamu ndi mwana? Ine thupi lili bwino koma mtima ayi. Ndikulemba ndili kuseri kwa khola la nkhumba, mundikhululukire ngati zilembo zapendekera.

Mtengo umene abale athu adula wa kachisi uja ndi wa apongozi anga. Sindikudziwa kuti anyamatawo anasochera ndi nkhungu kapena ndi kupusa chabe, koma anadumpha phiri n'kudzatsikira kumtunda kwa mudzi wathu uno. Ndipo si mtengo wamba, ndi mtengo wa bokosi lawo. Chaka chimene anakwatira anadzala mikungudza iwiri moyandikana, wina wawo, wina wa akazi awo. Apongozi aakazi anagona kale m'mtengo wawo. Wotsalawu mdalayo ankaupalira yekha, ndipo kansalu kofiira anamangirira yekha kuti aliyense adziwe kuti uli ndi ntchito yake.

Atamva makombola anathamangira kumtunda opanda nsapato. Anapeza chitsa ndi envulopu. Envulopuyo anabwera nayo n'kuiponya m'moto osaitsekula. Munthu wina wa m'mudzi muno anazindikira mmodzi mwa anyamatawo, ndiye pofika masana aliyense anali atadziwa kuti ndi a Teng.

Akuti ndine ndinawalozera. Akuti paja ndinapita kwathu pa chikondwerero cha mwezi, ndiye ndinkakanena chiyani? Ndalumbira, ndalira, palibe wondimvera. Madzulo apongozi anandiitana pamaso pa anthu onse a pakhomo n'kunena kuti, "Mtengo wanga ubwere, apo ayi mwana wa a Teng abwerere kwawo. Koma Chunya ndi wa a Shu, ameneyo atsala."

Achimwene, Chunya sanakwane n'zaka zinayi zomwe. Sagona popanda kugwira khutu langa. Bambo ake, a Yougen, angoti zyolii, kuyang'ana pansi ngati ataya singano. Mukuwadziwa, pamaso pa bambo awo satsokomola n'komwe.

Bambo aang'ono sangamvere ine, mwana wamkazi. Inu angakumvereni. Chonde alembereni msanga abweze mtengowo asanauseme.

Mlongo wanu,
Lamei


Zhuzhou, 9 Novembala 1986

Lamei mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa alamu a Yougen, kwa apongozi ako, ndi kwa kadona Chunya. Wangoti zii bwanji masiku ano? Kapena inki inakwera mtengo ku Shujiaping?

Ndalandira kalata ya bambo aang'ono ndipo ndakhala ndikuseka ndekha pantchito mpaka anzanga kundifunsa ngati ndalawa. Wamva kuti mtanda wa kachisi wathu wapezeka? Akuti anyamata akaba chimtengo cha mfumu yeniyeni, ndipo mwini wake, kamdala kena, kanatukwana mpaka mawu kutha. Ha, ndikanakonda ndikanakhalapo! Iwe uli pafupi ndi mapiri amenewo, mwina ukukadziwa. Ukakaona ukauze kawonjezere, kasatope, chifukwa kutukwana kwake ndiye chuma chathu. Tikatumizira uchi wofewetsa pakhosi.

Kunena zoona, ine za miyambozi sindizitengera pamtima kwenikweni, koma ndikaganiza kuti dzina la bambo ndi la mayi likhala pamalo pake m'nyumba yofoleredwa bwino, mtima wanga ukukhala pansi. Pa 6 Disembala ndiyesetsa kubwera. Udzabwere ndi a pabanja pako onse, apongozi akonso adzadye nafe nkhumba.

Ngati tsabola wako wowamba uja alipo, undisungireko. Wa kuno ndi wofiira maonekedwe okha.

Mlongo wako,
Maosheng


Shujiaping, 15 Novembala 1986

Achimwene,

Moni. Kodi kalata yanga simunailandire? Kapena munailandira n'kuona kuti ndi nthabwala?

Yanu yafika dzulo. Wamtengatenga anaipereka kwa apongozi chifukwa ndiwo anali pakhomo. Kale akanandipatsa, koma masiku ano chilichonse chochokera kwa a Teng chimayamba chadutsa m'manja mwawo. Iwo sadziwa kuwerenga, ndiye anadikira nthawi ya chakudya n'kuuza a Yougen kuti awerenge mokweza. Atafika pa kamdala paja anaima, koma bambo awo anagogoda tebulo ndi timitengo todyera kuti apitirize. Anawerenga zonse, ndi za uchi zomwe. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika.

Apongozi sanatukwane. Bola akanatukwana. Anangoika mbale pansi n'kunena motsitsa kuti tsopano amva okha kuti a Teng onse akudziwa, ndipo akuseka. Kenako anati tsiku limene mtandawo ukwere padenga ndi tsiku limene ine nditulukire pakhomo pano.

Kuyambira dzulo ndikudyera kukhitchini, chiimire pafupi ndi ng'anjo. Chunya amutenga azakhali ake, akugona kumeneko, akuti azolowere. Ndimamumva akulira kuseri kwa khoma ndipo sindingapiteko. Ndili ndi mantha, achimwene, ndiponso ndakukwiyirani, ngakhale ndikudziwa kuti mwina munalemba musanadziwe.

Ndinatuma uthenga kwa bambo aang'ono kudzera mwa mayi wogulitsa mchere. Yankho lake akuti anaseka n'kunena kuti mdala akamakwiya choncho ndiye kuti mtengo ndi wabwino. Anthu inu mwatani kodi? Munthu akulira zenizeni, inu mukumva nyimbo.

Tsabola alipo. Mukamufuna mudzamutenge nokha.

Lamei


Zhuzhou, 19 Novembala 1986

Bambo aang'ono,

Moni, ndikhulupirira bondo likupepukako. Nsalu ndatumiza, koma musafulumire kuikulunga pamtandapo.

Makalata awiri a Lamei andipeza tsiku limodzi. Yoyamba inagona kaye ku positi ya kuboma, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo pamene inkagona ine ndinali nditalemba kale zopusa zimene zamuonjezera moto. Manyazi andigwira moti chakudya sichikulowa.

Bambo, apa zachitika za mwambi uja: madzi osefukira akokolola kachisi wa Chinjoka mwini madzi, abale sanazindikirane. Mdala amene munkamuseka uja ndi a Shu, apongozi a Lamei, ndipo mtengowo ndi wa bokosi lawo. Kutukwana kuja sikunali kwa mwambo ayi. Anena poyera kuti mtanda ukakwera, Lamei achoka, mwana atsala.

Ndikupemphani, bwezani mtengowo. Mapiri ndi ambiri, anyamata akabe wina, tsiku lisankhidwe lina. Makolo adikira zaka zonsezi opanda denga, sangalephere kudikira mpaka dzinja lithe. Inu nomwe munkatiphunzitsa tili ana kuti bola kugwetsa akachisi khumi kusiyana n'kupasula banja limodzi. Apa sitikugwetsa ngakhale mmodzi, tikungochedwetsa.

Ndapempha tchuthi kuti ndibwere msanga tidzakambirane pamaso. Chonde amisiri asaukhudze mtengowo mpaka nditafika.

Mwana wanu,
Maosheng


Tengjiawan, 25 Novembala 1986

Maosheng,

Moni. Nsalu yafika, njabwino. Kalata yakonso yafika, imeneyo sindinena kuti njabwino.

Ukundiphunzitsa miyambi ine? Kachisi wathu wachepa, mulungu wamkulu wa ku Zhuzhou sakukwanamo eti? Imva tsono. Amisiri anausema kale mtengowo kalata yako isanafike. Aupala, aulemba chaka, pakati ajambula chizindikiro. Uli pamipando iwiri pabwalo, sunakhudze dothi chiudulireni, ndipo anyamata akusinthana kuulondera. Wosankha masiku wati tikaphonya pa 6, tsiku lina loyenera a Teng kulibe chaka chamawa chonse. Akuluakulu a nthambi zonse za mtundu wathu asonkha, ena agulitsa nkhumba zawo. Ndikawauze kuti bwererani, mtanda tabweza? Unamva kuti mtanda wakuba unabwezedwapo? Ndiko kubweza madalitso ndi manja ako.

Usaganize kuti ndine mwala. Lamei ndinamunyamula pamsana pano ali khanda. Ndinapita ndekha ku Shujiaping ndi bondo langali, nditanyamula mwendo wa nkhumba ndi mowa. Ndinawauza a Shu kuti tiwagulira bokosi lopangapanga la kuboma, lopaka utoto wakuda kangapo, loposa limene akanapanga okha. Anandiyang'ana ngati ndine wogulitsa makoswe. Akuti akazi awo sanagone m'bokosi la kuboma. Kenako chitseko pha, nyama ndi mowa zili panja.

Ine anthu otere ndimawadziwa. Akufuna tikweze, basi. Za kuthamangitsa mpongozi n'zongoopseza. Angamupeze kuti wina wowaphikira ndi kuwachapira ngati Lamei? Mtanda ukakwera, aona kuti zatha, mtima ugwa, tidzapitanso ndi mphatso yokulirapo. Mmonke angathawe koma kachisi sathawa, ife tili pompano, iwonso ali pomwepo, tidzamvana.

Komanso tinene zoona, mwana wamkazi akakwatiwa ndi madzi otayika pansi, sawoleka. Za kwa a Shu azithetse a Shu. Iwe bwera udzagwire chingwe cha makolo ako.

Bambo ako aang'ono,
Teng Dehou


Zhuzhou, 30 Novembala 1986

Lamei mlongo wanga,

Moni. Kalata iyi ndaitumiza kudzera kwa aphunzitsi a pasukulu ya kwanuko kuti akupatse m'manja. Ndikhululukire chifukwa cha ija. Ndinalemba ndisanadziwe, koma zimenezo sizichotsa zimene zakuchitikira.

Bambo aang'ono akana. Akuganiza kuti apongozi ako akungofuna mphatso yokulirapo. Ndawalemberanso, ndatumizanso uthenga wa pa lamya, koma ukuwadziwa akagwira chinthu.

Tchuthi andikaniza. Mkulu wathu wati kumapeto kwa chaka ntchito njambiri, ndipo nditatchula za kachisi anandiyang'ana moti ndinazindikira kuti ndalakwitsa kutchula. Wandilola kuchoka pa 7, kutanthauza kuti ndifika zonse zitachitika. Ndaganizapo zongothawa, koma nyumba tikukhalayi ndi ya kuntchito, ndipo alamu ako akudwaladwala. Ndikudziona wachabechabe.

Pirira pang'ono. Usakangane ndi munthu, usachite chilichonse mopupuluma. Akakutulutsa upite kwa bambo aang'ono, ine ndikafika tidzapita tonse kwa a Shu, ndidzagwada pakhomo pawo mpaka atakulandiranso. Za Chunya tidzaona njira, ngakhale kupita kuboma.

Undiyankhe, ngakhale mzere umodzi.

Mlongo wako,
Maosheng


Tengjiawan, 7 Disembala 1986

Maosheng,

Moni sindipereka. Ngati kalatayi yakupeza usananyamuke, khala komweko. Ngati wanyamuka, udzaipeza pobwerera ndipo udzadziwa chifukwa chake palibe amene anakulankhula.

Mlongo wako watipha. Dzulo m'mawa bwalo linali lodzaza, ng'oma zikulira, nkhumba yophedwa, makeke a mpunga oti tiwaze kuchokera padenga ali m'madengu. Mmisiri wamkulu anali atagwira tambala wa nsembe, zingwe zitamangidwa kale mbali zonse ziwiri. Ndinamuona Lamei akutsika njira ya kuphiri yekha, matope mpaka m'mawondo. Mtima wanga unakondwa, ndinati mwana wabwera kudzaona mwambo wa kwawo. Ndinauza azimayi kuti amupatse madzi otentha.

Sanapite kwa azimayi. Anadutsa pakati pa amuna ngati akupita kukatunga madzi. Anyamata olondera anamusiya, poti ndi mlongo wawo, ndani akanaganiza? Anafika pamtanda, anagwada kuyang'ana kumene kuli maina a makolo, anagunditsa mutu pansi. Kenako anaimirira, anakweza mwendo, n'kuudumpha mtandawo. Atafika mbali inayo anatembenuka n'kuudumphanso, kuti pasapezeke wonena kuti sanaone.

Ng'oma zinaleka zokha. Iwe ngakhale uli wa m'tauni ukudziwa kuti mtanda umene mkazi waudumpha sukweranso padenga la munthu, nanji la makolo. Mmisiri anamasula tambala, anatola zida zake. Mkulu wa nthambi yachitatu anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana. Ine ndinakweza dzanja kuti ndimumenye, koma dzanjalo linakana. Iye anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, tsopano ndi nkhuni chabe kwa inu. Ndipatseni ndipite nawo."

Ndiye mwamuna wake uja, amene timati alibe pakamwa, anatulukira kuseri kwa nsungwi ndi abale ake. Anali atabisala kumeneko nthawi yonseyo. Anaunyamula ife tikuyang'ana. Tikanaletsa bwanji, wa ntchito yanji?

Kachisi ali pululu, denga kulibe, chipale chofewa chayamba kugwera mkati. Akuluakulu agamula kuti Lamei asadzapondenso pabwalo la a Teng, ali moyo kapena atafa, ndipo ine sindinatsutse. Enanso akuti nzeruyi ndi yako, chifukwa cha mwambi wako wa akachisi khumi uja, umene ndinalakwitsa kuwawerengera. Undiuze zoona: unamutuma ndiwe?

Teng Dehou


Shujiaping, 26 Disembala 1986

Achimwene,

Moni. Muli bwanji, nanga alamu apezako bwino? Ndamva kuti munafika mpaka pa siteshoni ya kuboma, munakumana ndi wina wa kwathu, n'kubwerera pomwepo. Sindikukuimbani mlandu. Bambo aang'ono ndawatumizira mawu kuti inu simunadziwe kanthu. Kalata yanu yoti ndipirire inandipeza nditaganiza kale.

Mwina mukufuna kudziwa ngati ndinkaopa. Ndinkaopa kuchokera pamwamba pa phiri mpaka pabwalo. Nkhope zonse zija ndi za anthu amene anandilera. Pamene ndinkakweza mwendo ndinkayembekeza kuti chinachake chindikantha pomwepo, ndipo mpaka lero ndikamva kupweteka m'chiuno ndimati ndi chomwecho. Koma ndinkamvanso kulira kwa Chunya kuseri kwa khoma kuja, ndiye ndinadumpha.

A Yougen ndinawauza dzulo lake kuti ndikupita, abwere kapena asabwere. Ndinadziwa kuti anditsatira nditawaona akutuluka m'nsungwi muja.

Mtengo unafika. Apongozi anauzungulira, anausisita pamene amisiri anasema. Kalipentala atauyeza anati wachepa m'mbali, bokosi lituluka lopanikiza. Iwo anati palibe kanthu, munthu wake ngwowonda kale. Zikomo sananene, ndipo sindikuyembekeza kuti adzanena. Koma madzulo ake anauza Chunya kuti akaitane amake adzadye patebulo. Mwana wabwerera kuchipinda kwanga. Masiku oyamba ankadzidzimuka n'kumandifufuza ndi manja, tsopano akugona bwino.

Sabata yatha, tsiku lokumbukira akufa, ndinatenga lubani ndi mapepala a ndalama za akufa oti ndikawotche pamanda a bambo ndi mayi. Ndinadzera njira ya kumtunda kuti ndisadutse m'mudzi. Ndinapeza ana a bambo aang'ono ataima panjira. Sanandinyoze, sanandikankhe. Wamkulu uja, amene ndinkamupukuta mamina, anangoti, "Achemwali, bwererani, musativutitse." Ndinawotchera pamphambano, kuyang'ana kumene kuli mandawo. Sindikudziwa ngati zimafika zikawotchedwera patali choncho. Mukadzapita inu, mudzawauze mayi kuti sindinachite mwachipongwe.

Chaka chatsopano chayandikira. Tsiku lachiwiri lake akazi onse a m'mudzi muno adzavala bwino n'kupita kwawo ndi ana awo, ine ndidzatsala ndikudyetsa nkhumba. Sindikudandaula, ndinasankha ndekha, ndipo atati zibwererenso ndikhoza kudumphanso. Koma zikundiwawa, achimwene, zikundiwawa kwambiri. Ngati khomo lanu ku Zhuzhou likadali lotseguka kwa ine, lembani. Ngati mukuopa akuluakulu musalembe, ndidzamva.

Chunya wayamba kale kufunsa kuti tipita liti kwa agogo Dehou, amene amamubisira maswiti m'thumba la jekete. Ndamuuza kuti chipale chatseka njira ya kuphiri. Wandikhulupirira. Koma chipalecho chisungunuka mwezi wa Malichi, ndipo sindikudziwa chimene ndidzamuuze pamenepo.

Mlongo wanu,
Lamei